Khonde Lanu Lili pa Malire, Bambo

BAMBO ANDERSON KALIWO
a ku Glen Norah, anatisiya mu Julayi 2021

Mwakwanitsa zaka zinayi muli chete, bambo, koma mlandu uwu ndi wanu. Munagula sitandi imodzi, malo omangapo nyumba, anthu awiri, inu ndi bambo Severino, pepala n'kulembetsa dzina lanu lokha, kenako n'kuchoka musanakonze. Musandiyang'ane ndi maso ofatsa ali pachithunzipa. Ndine Paida, chitsirizira wanu, uja munkamutcha Tsabola. Amayi andilola kulemba chikumbutso chanu m'nyuzipepala chaka chino atandilumbiritsa kuti sinditukwana munthu, ndiye ndiyesetsa.

Tikudziwa kuti simunachite dala. Atakuchotsani ntchito kupulazi, kumunda waukulu wa fodya kuja, munafika m'tauni muno ndi njinga ndi bulangeti basi. Ku Southerton, ponyamula matumba, ndi kumene munakumana ndi bambo Severino, amene anathawa nkhondo ku Tete. Munasonkherana mpaka malo anapezeka. Ku ofesi ya mapulani anakuuzani kuti lamulo silikulola: sitandi ikadulidwa pakati zidutswa zake zichepa kuposa muyezo, komanso khoma la nyumba liyenera kutalikirana ndi malire. Inu munabwerera kunyumba, n'kukoka waya woyanikira zovala pakati pa bwalo, n'kunena kuti malire ndi amenewa mpaka lamulo lidzachangamuke. Takula tikuwerama pansi pa malaya onyowa popita kukapempha mchere kwa mayi Augusta, akazi a bambo Severino. Munkati padziko lonse malire owoloka popanda pasipoti ndi amenewa okha, bola munthu asagwetse kabudula wa Severino.

Mukaweruka munkakhala pakhonde lanu, lija munamanga nokha ndi njerwa zotola, mukusewera bawo ndi mnzanuyo. Munkawabera njere iwo akacheukira kumsewu, ndipo akakugwirani munkati maso a ku Tete amaona zinthu ziwiriziwiri. Kuseka kwanu kunkamveka mpaka pokwerera kombi, maminibasi athu aja. Ine ndikabwera malaya atang'ambika, nditamenyana ndi ana otitcha mabwidi chifukwa makolo athu ndi obwera, simunkandikalipira. Munkangoti mkwiyowo ndiusunge, usathere pa ana a eni, tsiku lina udzagwira ntchito. Amayi mpaka lero amapaka khondelo polishi wofiira Loweruka lililonse. Bambo Severino amabwerabe kudzakhala pampando wawo, bawo lili pamiyendo, koma sasewera ndi aliyense. Akuti ife sitidziwa kuba, masewerawo sakoma.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Malamulo aja akuwaunikanso. Akufuna kuchepetsa muyezo wa sitandi, ndiponso mpata wa pakati pa khoma ndi malire, poti aona okha kuti kuno kuseri kwa nyumba iliyonse kuli banja lina. Sukulu ndinalekeza panjira, mukudziwa, koma malamulowo ndawawerenga pafoni ndili pamsika, tomato ali patsogolo, mobwerezabwereza mpaka ndawamva. Atayitanitsa anthu kuholo kuti apereke maganizo, ndinaimirira. Ndinayamba bwinobwino m'Chingerezi, mtima utatentha ndinagwera mu Chishona, pomaliza ndinangozindikira ndikukalipa m'Chichewa chanu. Anthu anaseka, inenso manyazi anandigwira. Koma mayi wa ku mapulani anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo potuluka anthu osawadziwa ankandigwira pamkono, ena a ku Kambuzuma, akuti kwawonso kuli waya wawo. Sitili tokha, bambo. Zikavomerezedwa, sitandi yathu ikwana kudula pawiri, mnzanu n'kukhala ndi pepala la dzina lake.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo n'chimene ndakudzutsirani. Ngakhale pa muyezo watsopanowo, khonde lanu layandikira kwambiri pamene malire adzadutse. Liyenera kugumulidwa. Achimwene Munya, amene dzina lawo linalowa papepala m'malo mwa lanu, akukana. Akuti ndi pamenepo anakuonani komaliza mukuseka, ndipo nyundo siifikapo iwo ali moyo. Sindikuti ndi oipa mtima ayi. Amakulirani kuposa tonsefe, kungoti amalirira mkati. Nawonso bambo Severino akuti lisiyeni khondelo, iwo akalamba kale, asadanitse ana a mnzawo. Koma matenda a shuga awafooketsa, bambo, kuchoka kwawo kufika pakhondepo amapumira panjira. Akadzakutsatirani, mayi Augusta ndi mwana wawo Yolanda adzatsala ngati alendi pamalo amene anakhetsera thukuta. Ife sitingawathamangitse, koma ana athu, amene sadzadziwa kuti njerwa zinasenzedwa ndi ndani, adzangoona dzina papepala.

Ndimakudziwani. Mukanakhalapo mukanatenga nyundo nokha m'mamawa, n'kuwagwiritsa wilibala bambo Severino, kwinaku mukuwanyoza kuti akuyenda ngati ali pa ukwati. Amayi avomera kale. Akuti polishiyo wawamaliza mawondo, ndipo mwamuna wawo sanali simenti. Nditamva choncho ndinatuluka panja kukalira, chifukwa ndikudziwa chimene khondelo lili kwa iwo.

Tikukusowani tonse: amayi Evelyn, achimwene Munya, ine Paida, bambo Severino, mayi Augusta ndi Yolanda. Khonde likhalepo kapena lisakhalepo, dzina lanu silidzazilala pabwalo lino.

Koma inu achimwene Munya, kunyumba ndikangoyamba nkhaniyi mumanyamuka kuti kombi ikukusiyani. Pano simungathawe, ndikudziwa mukuwerenga. Yankhani pamaso pa bambo: bambo Severino agwira pepala lawo m'manja akadali moyo, kapena ayi?