Makala a pa Mazira a Kameta

Amayi anga, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tadzuka, koma kuzizira kwake, mayo! Chiperoni chagwa masiku anayi osakata, phiri silikuoneka n'komwe, zovala zili pachingwe chinyowere. Ndikamva mphepo yotereyi ndimakumbuka bondo lanu lija, n'kumadzifunsa ngati likuwawabe. Abusa amati kumeneko kulibe zowawa. Ndimawakhulupirira, koma ndikanakonda kumva kwa eni ake.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa achimwene a Layisoni anachira mu Epulo, mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Mphumi ndi yanu yomwe ija, ndipo akalira amachita ngati akukalipira munthu. Chimanga sichinachite bwino kumtunda kuja, koma nandolo wayamba maluwa ndipo kalongonda ndathyola madengu awiri. Ndinamuphika monga munkachitira, kutaya madzi kangapo, koma ana akuti sakufika pa wa agogo. Amuna anga, bambo a Yohane, akusenzabe matabwa kuphiri ku Chambe, amatsika Loweruka khosi lili gwa. Ine kuesiteti anatiimitsa kaye, tiyi saphuka nyengo ino. Ndipo chitinjiriza wanu Esinati wapeza banja. Ndi telala wa ku Thuchila, mnyamata wofatsa, wamanyazi mpaka kukanika kumeza madzi pamaso pa anthu. Chinkhoswe chinachitika, ukwati akuti mu Seputembala.

Nkhani ya Esinatiyo ndiyo yandikhazika pansi ndi pensulo lero.

Mukukumbuka zimene munandiuza muli pamphasa, kutatsala masiku atatu kuti mutisiye? Munandigwira pamkono n'kunena kuti, "Felesiya, Esinati akadzalowa m'nyumba yake udzampatse msoti wa kameta. Ine amayi anandipatsa, iwe ndinakupatsa, iyeyu yekha asatsale." Ndinavomera msangamsanga kuti mupume. Nkhuku zapakhosi popanda nthenga zija zinalipo zoposa khumi pabwalo, ndiye ndinaona ngati mwandituma kukatunga madzi ku Likhubula. Mbewu imene agogo anabwera nayo m'dengu kuchokera kwa Apwitikizi, yapyola njala, yapyola maliro angati, ikanatha m'manja mwanga bwanji?

Amayi, chitopa chinabwera patangopita mwezi titakuikani. Zinkangosinza, mapiko pansi, m'mawa n'kuzipeza zitauma. Mudzi wonse tambala anasowa, anthu ankachedwa kuntchito. Mwa zanu zonse munatsala mmodzi, Kameta wamkulu uja, nkhalamba yachikhosi chofiira imene munkaitukwana m'Chilomwe ikalowa m'nyumba. Ndipo poti kalatayi sipita kupositi, ndiulule: msoti umene munandipatsa ine pa ukwati wanga sunagwidwe ndi chiwombankhanga monga ndinakuuzirani. Tinadya pa Khirisimasi kumalayini a kuesiteti. Motero mbewu yanu yonse inatsala m'mimba mwa thadzi limodzi lokalamba.

Mng'ono wanu, mayi aang'ono a Dorofi, anagula nkhuku zina kumsika chitopa chitadutsa, matadzi atatu ndi tambala. Tambalayo ndiye anatithandiza. Mu Meyi Kameta anayamba kuikira m'khitchini, pangodya yanu ija, dzira lero, mawa ayi, mkuja dzira, mwaulesi ngati munthu wokakamizidwa. Atafika asanu ndi anayi anakhala pansi osadzukanso. Ndikayandikira ankafufuma n'kumandilalatira. Ndinavina ndekha m'khitchinimo.

Zonse zimene ndinakuonani mukuchita ndinachita. Ndinatenga mphika wosweka uja, ndinathira phulusa pansi, ndinayala masamba ouma a nthochi, ndinapempha tsamba la fodya kwa achimwene kuti utitiri usamudye. Madzi ndinaika m'chigoba pafupi, madeya pambale yadothi. Ana ndinawaletsa kulowamo mothamanga, ndinawauza mawu anu omwe aja akuti nkhuku yofungatira ndi mayi wa m'chikuta, salowerapo aliyense. Akatuluka masana kukasamba fumbi sindinkamuthamangitsa kuti abwerere. Chinthu chimodzi chokha ndinachisiya dala. Sindinalembe mazirawo ndi makala.

Chifukwa chake mukuchidziwa, Amayi, ngakhale sitinakambepo. Munandipereka kwa amalume ku Limbe ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi kuti ndizikalera ana, ndipo ndinabwerako ndikudziwa kusita ndi kuwerenga Baibulo, koma za pakhomo ndili mbuli yeniyeni, Chilomwe chomwe chitandithawa. Tsiku lina ndinabwera ndi amayi awiri a kumpingo, n'kukupezani mutagwada pachisa, khala lili m'manja, mukukhwatcha dzira lililonse uku mukung'ung'udza chamumtima. Manyazi anandigwira. Ndinalankhula mokweza kuti alendo aja amve kuti ine sindili nawo: "Amayi, zamankhwala zanuzi mudzasiya liti? Tikupemphera ife pano." Munapukuta manja pachitenje, n'kuwapatsa moni alendowo, n'kupita kukawathyolera nthochi. Kuchokera tsiku limenelo sindinakuoneninso mutagwira khala pachisa, ndipo ine ndinkayenda modzitama kuti ndatembenuza amayi anga.

Tsono Kameta atangokhala pa mazira, anatiitana amayi tonse a m'mudzi muno kukaphunzira magule a chikondwerero cha mu Julaye. Mukudziwa kuti kumeneko sakana, ngakhale uli ndi mphika pamoto. Tinkachoka m'mawa kupita kubwalo la sukulu, kubwerako dzuwa litapendeka, mapazi ali thapsa. Chitseko cha khitchini ndinkachisiya chotsekula pang'ono kuti Kameta azituluka. Tsiku lina ndinamupeza ali panja, ndinasuzumira, ndinawerenga: khumi ndi limodzi. Ndinawerenganso. Khumi ndi limodzi ndithu! Patapita masiku atatu, khumi ndi anayi. Amayi, musaseke. Ine ndinati nkhalambayi ikuikirabe, Mulungu waona mtima wanga ndipo akundibwezera zimene chitopa chinadya. Ndinafika pouza anzanga kumagule kuti kwathu kwagwa madalitso.

Sabata yachitatu itayamba, mayi aang'ono anabwera kudzapala moto. Ndinawakokera pachisa kuti ndiwaonetse. Mazira anali khumi ndi asanu ndi awiri, Kameta atadzitambasula mpaka mapiko kunjenjemera, koma ena ali poyera m'mphepete. Mayi aang'ono anagwira limodzi, n'kulipeza lili zii ngati mwala wa mumtsinje. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Felesiya, mzimayi wa ana atatu iwe, unamva kuti kuti nkhuku yofungatira imaikira? Ine ndakhala ndikutukwana agalu a eni ake kuti akundidyera mazira, chonsecho matadzi anga akudzaikira muno! Nanga ake a Kameta ndi ati?"

Ndinati sindikudziwa, onse ndi ofanana.

"Sunalembe?"

Ndinayankha kuti zamakala zija ine sindichita. Amayi, mng'ono wanu anakhala pansi padothi penipeni, n'kuseka mpaka misozi, kenako kusekako kunatha, misozi yokha n'kutsala. Anati makala aja sanali mankhwala. Munkalemba kuti mudziwe mazira amene nkhuku yayamba nawo, kuti lina likabwera pambuyo, lopanda chizindikiro, mulichotse tsiku lomwelo. Zong'ung'udza zija munkangowerenga m'chinenero chanu. Thadzi limatembenuza mazira tsiku ndi tsiku, la pakati kupita kunja, la kunja kulowa pakati, ndiye akachuluka onse amalawa mphepo mosinthana, onse n'kuonongeka. Ndipo anandiuza china chimene ndikanakonda akanachisunga. Anati simunasiye kulemba. Munkachita kudikira ndipite kuntchito, ndipo mukamva kuti ndikubwera ndi alendo munkaphimba chisa ndi lichero, kuti mwana wanu asachite nanu manyazi.

Zaka khumi ndi ziwiri, Amayi! Bwanji osandikoka khutu tsiku lomwe lija? Inu amene munkakalipira ngakhale mbuzi ya mfumu, munalephera kundiuza mawu awiri okha akuti "ndikuwerenga mazira"? Ndakwiya nanu, ndikuuzeni zoona. Koma ndikati ndikwiye bwinobwino ndimaona manja anu akupukutidwa pachitenje paja, ndiye mkwiyo umabwerera kwa mwini wake. Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Ine ndadya, ndipo ndadyetsa ndi Esinati yemwe.

Mayi aang'ono sanataye nthawi. Anadikira Kameta atuluke, anatenga mazira aja limodzilimodzi, kulipenya padzuwa atapinda dzanja, kuligwedeza pang'ono pakhutu. Ena ankamveka khuchukhuchu, osukusa kale, ndipo limodzi linaphulikira m'manja mwanga, fungo lake sindinadye tsiku limenelo. Ena anali oyera mbee mkati, oikiridwa dzana. Anasankha asanu ndi atatu akuda mkati n'kuwabwezera, n'kunena kuti kaya ndi a Kameta kaya ndi a nkhuku zawo, tidzaonera pakhosi. Kenako anatola khala paziko n'kundipatsa. Ndinagwada pamalo panu pomwe paja. Dzira loyamba ndinalichita kadontho chabe.

Masiku otsalawo ndinanama kumagule kuti ndatsegula m'mimba, Mulungu andikhululukire. Ndinakhala pakhomo la khitchini ndi kamtengo, kuingitsa matadzi a mayi aang'ono ngati mlonda wa kuesiteti. Kameta anali atatha, chifuwa chili fupa lokhalokha, lipombo litayera. Madeya ankangojompha kawiri n'kusiya. Ndinkamulankhula, Amayi. Ndinkati, pirira mayi, kwatsala pang'ono, ndipo ndinayesa kumutukwana ndi timawu tanu tiwiri timene ndimakumbuka, mwina angamve ngati ndinu.

Lachinayi lapitalo ndinamva tswii tswii pansi pa mapiko. Pofika Loweruka anaswa anayi, enawo anafera m'zikhokho. Kamodzi kanafa tsiku lomwelo. Ndinanyamula totsalato kamodzikamodzi kuti ndione pakhosi. Koyamba kakuda, khosi lodzaza ubweya. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu n'kabulauni, kochepa kuposa tinzake, ndipo nditakatembenuza ndinaona pakhosi pali mbee, kachikopa kofiira ngati chala cha khanda. Ndinakuwa mpaka mayi aang'ono anabwera akuthamanga, kuyesa kuti ndapsa ndi moto. Kamodzi, Amayi. Mwa mbewu yonse ya agogo, kamodzi.

Kameta anatuluka nato masiku awiri, akupalasa mofooka kuseri kwa nkhokwe. Ndinawakumbira chiswe, ndinawasinjira misere, ndinawavundikira dengu dzuwa likakwera kuopa akabawi. Lachiwiri m'mawa ndinamupeza ali chigonere mumphika muja, mutu uli pansi, tiana tikulira pansi pa phiko lozizira. Mayi aang'ono anati timusosole, nkhuku yafa ndi ukalamba si chitopa, ndiwo sataya. Ndinakana. Ndinamukulunga m'masamba a nthochi n'kukamukwirira kudimba, iwo akunditcha wamisala. Ndipo kumeneko ndinalira, Amayi, kulira kumene sindinalire pa maliro anu. Paja tsiku lija ndinali kumoto, kuonetsetsa kuti alendo a ku Thuchila adya, kufunafuna mbale zobwereka. Ndinazindikira ndikukwirira nkhukuyo kuti pakhomo pano panalibenso china chimene chinkadikira kudya m'manja mwanu.

Tiwiri takuda tija mayi aang'ono atenga, alowetsa kwa thadzi lawo limene laswa sabata yomweyi. Kakameta kanakanidwa, thadzilo linakajompha pakhosi poyera paja mpaka magazi. Ndiye ndakatenga ine. Pamene ndikulemba pano kali pachifuwa panga, m'kansalu, mkati mwa bulauzi, ndipo ndikumva timapazi take tikukanda. Kamadya misere pachikhatho, madzi ndimakamwetsa ndi chala. Bambo a Yohane akuti ndabereka mwana wachinayi ndipo sakufanana nawo. Kaya ndi msoti kaya ndi tambala, mayi aang'ono akuti tidikire mwezi. Kaya kapyola chiperoni chimenechi, palibe angandiuze. Mukanakhalapo mukanangokayang'ana kamodzi n'kudziwa.

Esinati anabwera dzulo, anakaona kakusuzumira pabulauzi panga n'kuseka. Sakudziwa kuti n'kake. Sindinamuuze za mawu anu aja, ndimaopa kumulonjeza chinthu chimene chingafe mawa. Koma ndaganiza usanafike Seputembala ndimukhazike pansi, kakhale moyo kasakhale moyo. Ndidzamuuza za msoti umene munamusiyira, za umene ine ndinadya, ndi zimene ndinakunenani pamaso pa alendo. Iyeyo amakuyesani munthu amene sanaopepo aliyense. Adziwe kuti munabisala zaka khumi ndi ziwiri m'khitchini mwanu momwe, pobisalira mwana wanu.

Pepani, Amayi. Ndachedwa nawo mawu amenewa, koma ndi omwewo. Simunalakwe kanthu tsiku lija, ndipo ndikanapatsidwa m'mawa umodzi wokha ndikanagwada pambali panu n'kukugwirirani mazira inu mukulemba.

Kayamba kulira, kakufuna kudya. Ndilekeze pano. Ndikulonjezani kuti sindikatula pansi mpaka katamera nthenga, ndipo kakakula ndidzakanyamula ndekha wapansi mpaka ku Thuchila, n'kukakaika m'manja mwa Esinati m'dzina lanu. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya