Nyama ya Apolisi

Lolemba, 3 Juni

Khansala wayenda khomo ndi khomo. Akuti Loweruka kuli kuotcha nyama pabwalo la sukulu: ife, apolisi ndi akuluakulu a kukhonsolo. "Tidziwane, mayi." Tidziwane chiyani? Apolisi amatidziwa kale. Chaka chatha anatola mwana wanga Wamtali pakona pamodzi ndi anyamata ena, wopanda mlandu. Mwana anabwerako diso litatupa ngati dzira. Lero akuti nyama. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Makina osokera ayambiranso kudula ulusi.

Lachitatu, 5 Juni

Wapolisi wina wandevu wabweretsa thalauza kuti ndimukulitsire m'chiuno. Telala ndine ndekha m'dera lino? Maso mwazumwazu, kusuzumira kuchipinda. Wafunsa za Wamtali. Akuti wamva kuti amadziwa zokuzira mawu, abwere adzayendetse nyimbo. Ndati akudwala. Mwana anali kuseri kwa katani, wamva zonse.

Madzulo wanyanyala chakudya. "Amayi, mudzandibisa mpaka liti? Ndine munthu wamkulu ine." Wamkulu! Amene ndinkamuthowa diso ndi madzi otentha uja.

Lachisanu, 7 Juni

Mayi a kusaluni akuti kudzakhala wojambula zithunzi. Si izi! Nyama ndi nyambo chabe. Akufuna nkhope za ana athu, kuti mawa posaka wakuba azingoloza chala. Iwo kuseka: "Asisi, inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe." Aseke. Awo anabereka atsikana okhaokha.

Ine ndipita, angati nyumba ino yakana. Koma mwana ayi.

Loweruka, 8 Juni

Ndamutsekera. Amasita malaya ake oyera, ine ndinatuluka mwakachetechete n'kukhoma loko kunja. Mawindo athu ndi azitsulo. Kiyi m'thumba la diresi. Anamenya chitseko, anandiitana. Mtima unawawa, koma sindinacheuke.

Kubwalo utsi, ana, phokoso. Mkulu wa apolisi atavala epuloni, kutembenuza masoseji ngati sanamenyepo munthu. Khansala kulankhula mpaka nyama kupserera. Nyimbo anayendetsa mwana wa wokonza njinga, zongodukaduka. Wanga akanachita bwino kuposa apo. Msewu wonse unali kumeneko, ndi agalu omwe. Wojambula paliponse, ng'ani ng'ani. Ndinadyako, ndisaname, inali yokoma.

Ndamubweretsera ina papepala. Sanaikhudze. Sakundilankhula.

Lamlungu, 9 Juni

Sitolo ya mafoni inathyoledwa dzulo masana, tonse tili kunyama. Mwini wake wakhala pakhonde, manja ali m'mutu. Ndawapatsa moni mayi a kusaluni, ayankha akuyang'ana kumbali. Anthu akunong'onezana, ine ndikafika, zii.

Lachiwiri, 11 Juni

Amutenga m'mawa uno.

Ndalondola kupolisi ndi masilipasi a kubafa. Wandevu wandikhazika pampando, atavala thalauza ndinamusokera lija. Sanakalipe. Wangotembenuza kompyuta kuti ndione. Zithunzi. Anyamata onse a mumsewu mwathu alimo: wa wokonza njinga, mapasa a aphunzitsi, ngakhale chidakwa chija cha pakona, fupa lili kukamwa. Aliyense ali ndi mboni yake. Inenso ndilimo, nkhope nditakwinya, dzanja lili pathumba la diresi.

"Mayi, wanu ali pati apa?"

Ndatulutsa kiyi, ndati ndinamutsekera ndekha, afunse aliyense. Afunse ndani? Onse anali kunyama. "Tsiku lija munati akudwala. Lero mukuti loko. Timve ziti?"

Amudutsitsa pakhonde, wopanda lamba, wopanda nsapato. Wandiyang'ana kamodzi kokha. Bola akananditukwana.

Ndabwerera ndekha. Malaya oyera aja akadali patebulo, mkono umodzi wosasita. Ndayatsa simbi kuti ndimalize.