Kagawo Kamene Ndafufuta

Amake Ella,

Mukaona kuti laputopu yanu palibe pathebulo, musaganize za akuba. Wakuba wake ndine. Ndapita nayo ku boma kwa Chrispin, wokonza makompyuta uja wa pafupi ndi depoti.

M'mawa uno ndimaikamo Windozi yatsopano monga munandipempha. Itandionetsa magawo a diski, ndinaona kagawo kena kakang'ono kopanda dzina. Ndinati aka kakungodya malo ngati chulu pakati pa munda, basi n'kukafufuta. Kani ndi kamene kamadzutsa kompyuta yonse. Pano ukaiyatsa ikungoda bii, n'kulemba kuti sikupeza poyambira.

Chimene chandifoola n'chakuti mwina dzanja linaterereka n'kukhudzanso gawo lanu lija la D, momwe muli mawu a malemu mayi anu akuimba pa chinkhoswe chathu. Munandiuza kawiri konse kuti ndiyambe ndawakopera pa fulashi. Fulashiyo ndi imene ili pathebuloyo, ndipo mulibe kanthu.

Chrispin wati pafoni tisaikemonso chilichonse mpaka aione yekha. Ella mukamutenge kusukulu, njinga ndakusiyirani.

Pepani ndithu. Mawu a amayi akapezeka ndikuimbirani nthawi yomweyo. Foni ikangokhala chete, mudziwiretu.

Lodwick