Njinga ya Mlembi Yopachikidwa M'chigafa

Komiti ya Gulu la Amayi Opalasa Njinga, Wimbe
Tsiku: Loweruka, 12 Epulo 2025
Malo: Pakhonde la sukulu ya mkombaphala
Opezekapo: Mayi Agnesi Chimphepo (Wapampando), Mayi Maimuna Yakub, Mayi Olive Gondwe, Elube Kachala (Mlembi). Woitanidwa: Bambo Zakeyo Kachala, amuna a Mlembi.
Opepesa: Mayi Goodness Mwale, akusoka fodya.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 2 koloko masana.

2. Za oyembekezera
Mayi Gondwe, omwe ali ndi pakati pa miyezi isanu, anati kusikelo anawalola kumapalasabe pang'onopang'ono, bola asamanyamule katundu, ndipo akamva chizungulire azitsika. Anati akamatsetsereka kudambo m'mamawa, mwana m'mimbamo amangoti phee, ngati nayenso akuimva mphepo. Amayi onse anaponya maso kumsewu.

3. Njinga ya Mlembi
Wapampando anati patha miyezi itatu chichirireni Mlembi, ndipo anamwino anamuuza kuti akhoza kuyambanso kupalasa, koma amuna ake anapachika njinga kudenga la chigafa.

Mlembi (ndine amene, mundikhululukire) anati m'mawa uliwonse amakaima pansi pa njingayo, mwana ali kumbuyo. Tayala lakutsogolo limazungulira lokha pakati pa masamba a fodya. Anati amalota akupalasa pakati pa minda yopanda malire, miyendo ili pepuu, koma akadzuka thupi limakhala lolemera ngati la munthu wina. Anati akuopa kuti akachedwa sadzakweranso, monga anachitira akulu ake atachira.

Mayi Yakub anafunsa kuti, "Achimwene, njinganso mwaiyanika ngati fodya? Mukudikira iume?"

Bambo Kachala anayankha atazyolika. Anati tsiku lochira anamutengera Mlembi kuchipatala pa njinga yomweyo, magazi akudontha pakaliyala njira yonse. "Ndinkangoti ndamutaya. Ndikaiona pansi njinga ija, mtima umandithawa." Mlembi sankadziwa zimenezi, ndipo anamva chisoni kwambiri. Apa kulemba kunayamba kwaima.

Chigamulo: njinga itsitsidwe mawa. Mlembi ayambe ndi mtunda waufupi pamalo osalala. Bambo Kachala anapempha kuti tsiku loyamba aziyenda pambali atabereka mwana. Komiti inavomera, Mayi Yakub n'kuwonjezera kuti bola asagwire kaliyala.

4. Zina ndi zina
Panalibe.

5. Msonkhano wotsatira
Udzachitika pa 10 Meyi kwa Mayi Mwale, kutsidya kwa mtsinje. Wapampando anafunsa kuti adzamunyamule Mlembi ndani. Amayi asanayankhe, Bambo Kachala anakweza dzanja.

"Musavutike. Adzabwera yekha."

Msonkhano unatha nthawi ya 4 koloko madzulo.

Wapampando: A. Chimphepo
Mlembi: E. Kachala