Timibulu ta Amayi

Kwa Kalinde,
Njuli,
Chiradzulu.
12 Febuluwale 2025

Okondedwa achemwali a Tikhala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Lilongwe. Kuno tadzuka, mvula ikugwa mosapumira, ndipo chimanga cha kuseri kwa nyumba chamasula.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati tidakali m'masiku a positi. Pafoni inu mumayankha munthu asanamalize funso, ndiye ndati ndilembe, ndiijambule, muwerenge mpaka pansi musanandikalipire. Nkhani ndi ya galimoto ija mwati mutumiza Loweruka kuti idzatenge ababa. Anavomera ndine, analongedza chikwama chawo ndine, koma tsopano ndikupempha kuti ababa asachoke. Tamvani kaye.

Mukudziwa kuti chimwalirire amayi mu Okutobala ababa sakudya bwino. Chimene ndinkakubisirani ndi kukula kwake kwa vutoli. Lamba wawo ndaboola mabowo atatu atsopano. Phala amalawa masipuni awiri n'kukankha mbale, ndipo mawu awo anatsala “eya” ndi “ayi” basi. Lachisanu ndinapita nawo kuchipatala ku Nguludi. Adokotala anawayeza magazi, shuga ndi chifuwa, kenako anandiitanira pambali n'kunena kuti, “Mayi, matenda sitikuwapeza. Koma akapitiriza kusadya chonchi, dzinja lino satulukamo.” Ndinachita mantha, achemwali, ndipo m'minibasi monse ndinkangoyang'ana khosi lawo mmene laondera.

Tinatsika pa Njuli dzuwa litapendeka. Ine ndili kalikiliki kuitana akabaza, ndinangoona ababa aima pakati pa njira, mphuno m'mwamba. Inu simunakaone kanyumba koyera kamene kali kuseri kwa chigayo. Ndi malo odyera a a Rafaeli, mzungu wa ku Italiya amene anabwera kudzakumba mijigo, n'kukwatira a Miriam a konkuno, osabwereranso kwawo. Muli matebulo anayi okha. Amadyamo ndi ansembe ndi anthu amabungwe opita ku Zomba, ife eni dera timangodutsa. Tsiku limenelo mkatimo munkachokera fungo la adyo ndi tomato.

“Ababa, tiyeni, mvula ikubwera,” ndinatero.

Anangotembenuka n'kulowa okha, ine pambuyo ngati mwana.

A Miriam anatilandira bwino, natiuza kuti kumeneko kulibe pepala losankhira, munthu amadya chimene chaphikidwa tsiku limenelo. Anabweretsa buledi wothira mafuta, kenako mbale ziwiri za pasita wokanda pamanja, tizingwe taphanthiphanthi tosambira mu tomato, pamwamba ataika masamba onunkhira ngati mpungabwi. Ndinalawa. Kukoma ankakoma ndithu, koma pakati pake panali kakulimba kena. Paja ine ndi mwana wa amayi, amene ankati chakudya chosapsa ndi chipongwe kwa mlendo. Ndinaganiziranso mimba ya munthu amene watha miyezi inayi osadya, ndiye ndinakodola a Miriam.

“Pepani mayi, izi sizinapse. Tazibwezerani pamoto pang'ono, akuluwa ndi odwala.”

Mawu anga anafika kukhitchini. A Rafaeli anatulukira, nkhope ili psuu, ufa mpaka m'zigongono.

“Sizinapse? Mayi, inu mwandipha ine lero!”

A Miriam atati anyamule mbale ya ababa, dzanja la ababa linaigwira.

“Isiyeni. Zapsa. Izi zimafunika kuti dzino lizimve.”

Achemwali, amenewo anali mawu awo aatali oyamba chiyikire maliro. Anatenga foloko, napota tizingwe tija mwaluso osadontheza n'kamodzi komwe, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono. Ine ndinkangowerenga mumtima: kachiwiri, kachitatu, kachisanu. Atafika pakati pa mbale anayang'ana mwini malo n'kunena kuti, “Kukanda mumatha. Koma madzi owiritsira munawamana mchere.”

Ndinafuna kulowa pansi ndi manyazi. Koma a Rafaeli anakoka mpando n'kukhala, akuloza akazi awo.

“Ndi awa! Adokotala anati magazi anga akuthamanga, ndiye mchere amandibisira ngakhale wa alendo. Bambo, inu munaphunzira kuti?”

Ababa anawauza kuti anaphikira wansembe wa ku Italiya kumishoni zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anayankhulanso mawu ena m'chiyankhulo cha kwawo kwa a Rafaeli, mzunguyo n'kuseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinakhala pamenepo ngati mlendo pa bambo anga omwe.

Apa ndiye ndiulule, ndipo inunso zikukukhudzani. Tonse tinkadziwa kuti ababa ndi kuki, koma ndi liti tinawafunsapo za ntchito yawo? Pakhomo sankayandikira mafuwa. Mukukumbukira mmene amayi aakulu a Maluwa ankanenera, kuti mkamwini wogwira mthiko pamudzi pa mkazi ndiye kuti anamudyetsa khuzumule. Ifenso tinakula ndi manyazi omwewo. Polowa Fomu 1, pamene anafunsa ntchito ya bambo, inu munalemba kuti “kalaliki wa kumishoni”, ndipo patatha zaka ziwiri ine ndinakopera bodza lomwelo. Fomu yanga anasayina ndi ababa. Anawerenga, n'kungondibwezera cholembera.

Mvula ija inagwadi, ya matalala, moti panalibe zonyamuka. A Rafaeli anapempha ababa kuti akaone khitchini. Posakhalitsa ndinamva mawu a ababa akuitanitsa kachewere, ufa wa tirigu ndi dzira limodzi. Ndinakaima pakhomo. Anali atavula jekete, atapinda manja a malaya. Mbatata zija zitapsa anazinyenya zikadali zotentha, anakanda ndi ufa mopepuka, napota mtandawo ngati chingwe, n'kuudula tizidutswa. Kenako anatenga foloko. Kachidutswa kalikonse ankakakanikiza ndi chala chachikulu pa mano a foloko, kakugwa kali ndi mizere mbali imodzi ndi kadzenje mbali inayo.

Achemwali, mwazindikira kale. Tinali timibulu ta amayi.

Timibulu tija tinkadya pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha. Makolo ankapita ku Misa yoyamba, ife n'kutitumiza ku yachiwiri. Pobwera tinkapeza ababa ali pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi yawo, chitseko cha nyumba chili chotseka. Kenako amayi ankatsegula, poto m'manja, ufa uli mbuu m'mikono, ife n'kumavina. Ndi kangati tinawachonderera kuti atiphunzitse, iwo n'kumati tidakali ana? Pa maliro paja inu munalira kuti amayi apita ndi timibulu tawo.

A Rafaeli akuti kwawo amatitcha nyoki. Tinakhala anthu anayi patebulo limodzi. Nditaika kamodzi m'kamwa, ndinatembenukira kwa ababa.

“Ababa, ndiye kuti amayi munawaphunzitsa ndinu?”

Anaseka, kuseka kwenikweni.

“Mayi ako? Anayesapo kamodzi, linatuluka phala. Iye ntchito yake inali kudzipaka ufa m'manja ndi kutsegula chitseko.”

“Nanga bwanji simunatiuze zaka zonsezi?”

“Tinapangana. Iye atenge ulemu, ine ndizikuonani mukudya. Ndinkakuonerani bwino pansi pa mango paja.”

Anatembenuza foloko m'manja. Kenako anati, “Khirisimasi yapitayi ndinagula kachewere. Anaolera pansi pa bedi. Ndinalibe wonditsegulira chitseko.”

Ndinalira pamaso pa eni malo, osasamala. Miyezi inayi ndakhala ndikuwaphikira, kuwanyengerera, nthawi zina kuwakalipira kumene, osadziwa kuti ndikuthira madzi pa mtengo wolakwika. Ndinkaganiza kuti akusowa wowaphikira, pamene iwo akusowa oti awaphikire.

Lamulungu ndinachita chinthu chimene mwina mundinena nacho. Ndinatulutsa mbaula ndi tebulo n'kuziika pabwalo, poyera, pomwe aliyense wochokera ku tchalitchi amadutsa. Foloko imodzi ija inkakhala m'kabati osagwiritsidwa ntchito ndinaipeza, ndipo tsopano ndikudziwa ntchito yake. Ababa anayang'ana mbaula, anayang'ana njira, nati, “Anthu aona.” Ndinawayankha kuti aone, ali ndi maso. Anazengereza ndithu, koma anapinda malaya.

Amayi aakulu a Maluwa anafika ndi ndodo yawo mtanda uli pakati. Anaima nthawi yaitali.

“A Kalinde, mwayamba liti zimenezi?”

“Kalekale, alamu. Pa Pasaka paja munkapempha zowonjezera.”

A Maluwa anaika ndodo yawo pansi. Anakhala pamkeka, ndipo anadya mbale ziwiri.

Sindikunamizani kuti achira. Dzulo m'mawa phala analikana, ndipo madzulo ndinawapeza atagwira chitenje cha amayi. Lamba akadali pa bowo lachitatu lomwe lija. Koma akaphika amalawa, akalawa amadya, ndipo a Rafaeli awapempha kuti azipita Lachiwiri ndi Lachisanu kukathandiza kukanda. Dzulo lomwelo anapita pa kabaza, atavala jekete la ku tchalitchi, ndipo atabwera anandidandauliranso za mchere wa a Rafaeli uja.

Ndikudziwa kuti galimotoyo mukuitumiza chifukwa cha chikondi, ndiponso kuti kwanuko zipatala zili pafupi. Zimenezo ndaziganizira, ndipo ngati ndalakwitsa, mlanduwo udzakhala wanga. Koma kwanuko kuli wantchito wophika, kuli mpanda ndi geti. Mukawakhazika pa sofa ndi kuwabweretsera chakudya pa thireyi, mwaulemu wonse, ndipo ine ndikuopa kuti ulemu umenewo ndi umene ungawamalize. Chikwama chija ndamasula. Ngati galimoto yathiridwa kale mafuta, ibwere ndithu, koma mukweremo inu ndi ana.

Mundiperekere moni kwa alamu. Yamiko ndi Calvin muwauze kuti agogo awo akufunsa ngati mano akutsogolo aja anamera. A Miriam akuti mukafika mudzawaone, ndipo ndikuchenjezeretu kuti mukadzalawa musadzanene kuti sizinapse. Ndawafunsa ababa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Ali panja pano, akusankha kachewere m'lichero. Akuti, “Umuuze Tikhala abwere ndi njala. Chitseko adzachipeza chotsegula.”

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Misozi,
mwana wa a Frackson Kalinde, kuki.