Hosea Ayesedwanso Loweruka

Matero, Lusaka
17 Januwale 1961

Mlamu wanga Dyness,

Ndikhulupirira muli bwino kwanuko ku Ntcheu. Kuno tilipo, ndipo mvula yagwa masiku khumi mwezi uno.

Hosea, mwana wa malemu achimwene anu amene ndimakhala naye, akuyimbirabe mpira. Chiphaso cha woyimbira chimatha chaka ndi chaka, choncho Loweruka ayesedwanso. Akakhoza akwera kuchoka pa Giredi 3 kupita pa Giredi 2. Akalephera atula wezulo.

Buku lolembamo masewero amene wayimbira ndimasunga ine. Oyesawo amafuna masewero makumi awiri ndi asanu, osainidwa ndi makaputeni a mbali zonse, ndipo ife tapitirira ndi awiri. Malamulo onse a mpira khumi ndi asanu ndi awiri ndamufunsa ndekha, sanaphonye ngakhale limodzi.

Kwatsala kuthamanga. Ayenera kuzungulira bwalo kasanu ndi katatu osaima. Chaka chatha ankazungulira kakhumi ndi kawiri. Dzulo ndinakhala pa benchi kumuwerengera. Atazungulira kasanu anaima, nagwira mtengo wa golo, akutsokomola. Anati, "Amayi, ndi fumbi chabe." Fumbi lake ine sindinalione, bwalo lonse linali matope.

Anali ndi mipango ya m'thumba isanu ndi umodzi. Pochapa ikundipeza inayi, ndipo sakunena kumene iwiriyo ili.

Perekani moni kwa ana onse. Inu ndi amene munadwazika atate ake. Poyankha mundiuze mmene chifuwa chawo chinayambira, ndiponso kuti chinatenga miyezi ingati.

Ndine mlamu wanu,
Elina Nangozo