Zimene Tadala Anaona Pamimba pa Silofu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Braunstone tili bwino, kuzizira kokha. Bambo a Tadala akugwirabe ntchito kuweyahausi yosungira katundu komwe kuja. Maungu amene ndinadzala kuseri kwa nyumba anamera, nkhwani tadyako kawiri, zotsala zinamalizidwa ndi nkhono.

Koma nkhani ndi ya Tadala, mdzukulu wanu amene munamusiya akukwawa. Pano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amachedwa pa chilichonse. Akamavala nsapato imodzi, basi yadutsa. Aphunzitsi anandipatsa pepala loti ndisaine kuti amuyeze, apeze momuthandizira, ine n'kulibisa m'dilowa miyezi iwiri chifukwa cha manyazi. Ndinkangomukalipira m'mawa uliwonse monga munkandichitira inu: "Iwe nanzikambe, dzuwa silidikira munthu!" Mpaka mwana anasiya kundiyang'ana kumaso. Zinandipweteka zimenezo, amayi.

Loweruka lapitali tinapita kumalo osungirako nyama kunja kwa Leicester. Kumeneko kuli kanyama kochokera ku South America, dzina lake silofu. Mukanakaona mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Kukula kwake ngati pusi, ubweya ngati chikolopa chakale, zikhadabo ziwiri zazitali zokhota kudzanja lililonse, ndipo kamalendewera chagada panthambi. Akuti mtundu wina uli ndi zitatu. Kwawo kunkhalango ubweya wake umachita kumera ndere, ndipo kamatsika mumtengo kamodzi pa sabata, kukadzithandiza basi. Ndinati abale inu, ulesi wake womwewu!

Anthu ankangosuzumira n'kudutsa, poti kanali duu. Nanenso ndinayamba kumukoka Tadala, koma anakanirira pagalasi. Ndinakakhala pabenchi nditatupa. Patapita nthawi ndithu anabwera n'kundigwira dzanja, zimene anali atasiya kalekale, n'kukandilozera. Pamimba pa kanyamako panali kamwana, katamatirira muubweya. Make ankatafuna tsamba mosapupuluma, kamwanako n'kumanyambita timasamba pamilomo pa make. Chigulu chonse chija palibe anakaona, ngakhale ine wamaso awiri. Pobwerera m'basi anandifotokozera zonse m'Chingerezi chake chija, osapuma, mpaka tinapitirira siteji yathu.

Paja munkanenanso nokha kuti kuthamanga si kufika, kungoti munkanena mutamaliza kale kukalipa. Musadandaule, sindikukuimbani mlandu. Munali ndi ana asanu ndi munda, ine ndili ndi mmodzi yekha.

Pepala ndasaina Lolemba, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Kaya akapeza chiyani, ndidzakuuzani osabisa. Masiku ano timadzuka msanga kuti azikonzeka yekha, ine kukamwa nditatseka. N'kovuta, amayi, lilime limachita kuyabwa! Koma ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanu sadzandiopanso.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati